Tchuthi cha pakhomo kapena kupuma mkati mwa sabata?

Mukakumana ndi mnzanu amene wangobwerera kuntchito n'kumufunsa kuti, "Mwapumako bwanji, achimwene?" kawirikawiri yankho limakhala lakuti, "Kupuma kwake kutiko?" Kenaka amayamba kuwerenga: anali kupuloti kuyang'anira amisiri, anathamangira kumudzi kukakolola, kunagwa maliro kuchimuna, ndipo masiku otsalawo anathera pamzere wa mafuta. Tchuthi chatha, thupi likadali lolemera. N'chifukwa chake ena akuti tileke kudikira tchuthi cha pachaka, tizipeza mpata wopuma mkati mwa sabata momwemo. Ine ndikupendekera kumbali imeneyi, ngakhale kuti tchuthi cha pakhomo chili ndi zabwino zake zosafunika kuzinyoza.

Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 ku Malawi limapereka masiku 15 a tchuthi pachaka kwa wogwira ntchito masiku asanu pasabata, ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi. Si ambiri amene angathe kukawathera kunyanja. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulendo wa banja lonse wopita ku Senga Bay kapena ku Mangochi umafuna ndalama imene ena akanalipira fizi ya teremu yathunthu. Choncho kukhala pakhomo si ulesi kapena kusadziwa kusangalala. Ndi nzeru. Munthu amagona mpaka tulo titatha, amadya nsima yamasana ndi ana ake, amawaona akubwera kusukulu, zimene chaka chonse amangozimva. Palinso kutopa kwina kumene Loweruka ndi Lamulungu sizikuchotsa. Jessica de Bloom, katswiri wa ku Netherlands amene anatsata anthu a pa tchuthi chachitali, anapeza kuti thanzi ndi chisangalalo chawo zinkafika pachimake cha pa tsiku lachisanu ndi chitatu. Mutu umafuna masiku otsatizana kuti uiwaledi za kuofesi.

Vuto n'lakuti kwathu kuno nthawi ya munthu amene ali pakhomo si yake. Abale akangomva kuti muli pa tchuthi, pageti sipasowa odi. Wina akufuna mumuperekeze kuchipatala, wina akuti mlandu wa malire a munda unkadikira inu, a kutchalitchi akuikani mu komiti. Zonsezi n'zofunika, ndipo kukana n'kovuta kwa munthu woleredwa bwino. Kwa amayi ndiye zimanyanya: tchuthi ndi nthawi yochapa mabulangete ndi makatani, kupita kuchigayo, kuphikira alendo pambaula magetsi atazima. Pamwamba pa izo foni imalira, ndipo ndi bwana: "Pepanitu, ndikudziwa muli pa tchuthi, koma fayilo ija munaiika pati?" Poti muli m'tauni momwemo, mawa lake mukupezeka muofesi "kwa mphindi zochepa" zimene zimafika madzulo. Amene ali ku Cape Maclear amatetezedwa ndi mtunda. Wa pakhomo alibe chomuteteza, kupatula pakamwa pake.

Ngakhale tchuthicho chitayenda bwino, kafukufuku wa de Bloom yemweyo anaonetsa kuti ubwino wake umazimiririka mkati mwa sabata yoyamba munthu akabwerera kuntchito. Apa ndi pamene mfundo ya kupuma mkati mwa sabata ikulimbira. Simungadye nsima yambiri tsiku limodzi kuti ikusungeni mwezi wonse. Mu 2021 mabungwe a WHO ndi ILO analengeza kuti mu 2016 anthu pafupifupi 745,000 padziko lonse anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pasabata. Chimene chimapweteka thupi ndi sabata yolemera yobwerezabwereza, ndipo masiku 15 sangakonze zimene zawonongeka m'miyezi 11. Katswiri wina, Sabine Sonnentag wa ku Germany, wakhala akuonetsa kuti amene amachotsadi maganizo pa ntchito akaweruka amadzuka ndi mphamvu mawa lake.

Kupuma kotereku sikulira ndalama. Ndi kuphunzira nyimbo kukwaya Lachitatu madzulo, bawo pansi pa mtengo ndi anzako, ntchemberembaye pabwalo la sukulu, kapena kutsika minibasi siteji imodzi usanafike kuti upitidweko mphepo. WHO imalangiza mphindi zosachepera 150 zolimbitsa thupi pasabata, zomwe ndi theka la ola kwa masiku asanu. Chimene ndaona n'chakuti zinthu zochitira pagulu ndi zimene zimakhalitsa. Ukajomba kukwaya anzako amakuimbira foni, pamene lonjezo lodzilonjeza wekha limafa Lachiwiri.

Komabe tisalankhule ngati aliyense ali ndi madzulo ake. Mayi wogwira ntchito ku City Centre mu Lilongwe koma akukhala ku Chinsapo amaweruka dzuwa litapendeka, akwere minibasi ziwiri, afike kunja kutada, ayatse makala, aone ntchito ya kusukulu ya ana. Mphindi 30 zake zili pati? Mlonda, namwino wa usiku, wogulitsa pamsika amene tsiku losagulitsa ndi tsiku losadya, onsewa uphungu wakuti "pezani nthawi" umawapweteka m'makutu. Lamulo limati maola a ntchito asapitirire 48 pasabata, koma siliwerengera maola a pamsewu, kapena mauthenga a pa gulu la WhatsApp la kuofesi amene amabwera anthu akudya mgonero. Kwa anthu otere tchuthi cha pakhomo, ndi zosokoneza zake zonse, ndi mpata wokhawo wogona masana.

Ndiye nkhaniyi singasiyidwe m'manja mwa wantchito yekha. Ku France, kuyambira 2017, makampani a antchito 50 kapena kuposerapo amayenera kukambirana ndi antchito awo za ufulu wosayankha mauthenga a ntchito akaweruka. Ku Britain, makampani 61 anayesa sabata ya masiku anayi mu 2022 osadula malipiro, ndipo 56 anapitiriza. Sindikunena kuti fakitale ya ku Makata kapena chipatala cha boma zingatengere zimenezi mawa. Koma bwana kusiya kutumiza mauthenga usiku, kuthetsa misonkhano yoyamba nthawi yoweruka itayandikira, ndi kupeza wogwirizira ntchito ya amene ali pa tchuthi, sizifuna bajeti. Nakonso kunyumba, bambo akaphika kapena kusambitsa ana masiku ena, mayi amapeza ola lake.

Tchuthicho chitengedwe ndithu, osachisinthanitsa ndi ndalama, ndipo ndi bwino kuchigawa poyera: masiku awa ndi a kumudzi ndi kupuloti, awa ndi anga, foni ya kuntchito ikhala yozima. Abale ndi abwana auzidwe tchuthicho chisanayambe.