Pulogalamu Itsatire Maonekedwe a Kompyuta ya Mwini Wake

A Mkonzi,

Mlembi amene ananena m'nyuzipepala ino kuti pulogalamu iyenera kuoneka chimodzimodzi pamakompyuta onse analakwitsa kwambiri, chifukwa maonekedwe oyambira, kutanthauza mitundu, zilembo ndi tizithunzi zimene munthu amapeza asanasinthe kalikonse, ndiwo amene anthu ambiri amakhala nawo mpaka kalekale. Opanga pulogalamu ya LibreOffice anaizindikira mfundo imeneyi, pakuti mu 2018 anasankha tizithunzi totchedwa Colibre kuti tikhale toyambira pa Windows, ndipo mu 2020 anasankha Sukapura pa macOS, kuti wogwiritsa ntchito asasokonezeke ndi mabatani achilendo. Maonekedwe amodzi okakamiza amapeputsa ntchito ya opanga okha, pamene akuzunza anthu ovutika kuona amene anakulitsa kale zilembo pakompyuta yawo. Opanga mapulogalamu alemekeze zimene mwini kompyuta anasankha.