Sadaka ya mayi isathere m'mbale za tsiku limodzi

Mwezi wathawu ndinaitanidwa ku sadaka ya arubaini ya mayi wina wachikulire m'mudzi wina woyandikana ndi doko la Kachulu. Anthu anafika ochuluka, ena pa njinga kuchokera kumtunda, ena pa bwato kuchokera pa chilumba cha Chisi. Mbuzi ziwiri zinazingidwa, mpunga unaphikidwa m'miphika ikuluikulu, ndipo palibe amene anabwerera ndi njala. Titatsiriza duwa, mwana wachisamba wa malemuwo ananditengera kuseri kwa nyumba nandiuza motsitsa mawu kuti, pofuna kuti banja lisachite manyazi, anagulitsa matchera ake n'kutenganso ngongole ya katapila. Kenaka anandifunsa kuti: "Shehe, kodi tsopano amayi ndawalemekeza mokwanira?"

Sindinamuyankhe tsiku lomwelo, pakuti munthu amene misozi isanaume pamaso sumuyambitsira mtsutso. Koma funso lake landitsata m'masabata onsewa, ndipo ndaona kuti ndi funso la mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Maganizo anga ndi awa: mayi amene anatilera m'chikhulupiriro timamulemekeza popitiriza zabwino zimene anatisiyira, tsiku ndi tsiku, mpaka ifenso tidzamutsatire. Mwambo wa tsiku limodzi, ngakhale ukule chotani, sungasenze udindo umenewu.

Palibe Msilamu amene sadziwa ulemerero wa mayi. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Luqman ndi Surat Al-Ahqaf, imatikumbutsa za kuvutika kwake potenga pakati, pobereka ndi poyamwitsa. Munthu wina atafunsa Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) za amene ali woyenera kwambiri kumuchitira zabwino, Mtumiki anatchula mayi katatu asanatchule bambo. Ngakhale makolo athu anali ndi mwambi wakuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chimene ambiri timaiwala n'chakuti udindowu sutha pamene tafotsera manda. Imam Abu Dawud anasunga nkhani ya munthu wa fuko la Banu Salama amene anafunsa ngati patsala chilichonse choti achitire makolo ake atamwalira. Mtumiki anamuuza kuti chilipo: kuwapempherera, kuwapemphera chikhululuko, kukwaniritsa malonjezo awo, kusunga ubale umene unabwera kudzera mwa iwo, ndi kulemekeza anzawo. Taonani kuti chilichonse mwa zimenezi ndi ntchito ya moyo wonse, yopanda tsiku lotsekera.

Nkhaniyi ndikuilemba ngati munthu amene anaikanso mayi ake m'manda. Mayi anga sanapondepo m'kalasi ndipo sankatha kuwerenga chilembo chilichonse, cha Chiarabu kapena cha Chichewa. Masura aafupi amene ankaswalira anawaloweza pomvetsera ana akamalakatula ku madrassa. Ntchito yawo inali kuyanika matemba ndi kukagulitsa kumsika wa mumzinda wa Zomba. Komabe sindikumbukira tsiku limene adhana ya m'bandakucha inawapeza ali m'tulo, kupatula pamene anali kudwala. Ankayamba kutenthetsa madzi a wudhu m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, kenaka n'kutidzutsa mmodzimmodzi potchula dzina. M'mwezi wa Ramadhan iwo ndiwo anali wotchi ya daku ya nyumba zonse zoyandikana nafe.

Nthawi yoti ndiyambe sukulu itafika, amalume anga anakana, poopa zimene Asilamu ambiri a nthawi imeneyo ankaopa, kuti mwana akalowa sukulu amataya dzina lake ndi chipembedzo chake. Mayi anga sanakweze mawu pamaso pa mwinimbumba. Anangolonjeza kuti m'mawa ndidzapita kusukulu, masana ku madrassa, ndipo tsiku limene ndidzajombe ku madrassa ndilo lidzakhale tsiku langa lotsiriza kusukulu. Analisunga lonjezolo mpaka ndinatsiriza sekondale. Mu 1995, nyanja ya Chilwa itauma monga inachitira mu 1968, anthu akuyenda wapansi kupita ku Chisi pa matope osweka, asodzi atabalalika kukafuna nsomba kunyanja zina, ndinawaona akutapa ufa wodzaza dzanja limodzi pa ufa wa tsiku lililonse n'kuusunga m'kachitini. Likafika Lachisanu ankaupereka kwa mayi wina wamasiye amene analibe womusamala. Nyumba yathu inali ndi njala ngati nyumba zina zonse, koma kachitini kaja sikanakhale kopanda kanthu.

Atamwalira, ine amene ndinali nditaphunzira mabuku ndinachita zomwe anachita mnyamata wa ku Kachulu uja. Ndinaitana anthu ambiri, ndinadyetsa khamu, ndipo mtima wanga unakhazikika poganiza kuti ndatsiriza. Patapita miyezi inayi, mayi wina wogulitsa nkhuni anafika pakhomo panga madzulo, akuchita manyazi, nandiuza kuti malemu anali ndi kangongole kake ka nkhuni zowambira nsomba. Ndalamazo zinali zochepa kuyerekeza ndi mtengo wa mbuzi imodzi imene tinazinga. Usiku umenewo sindinagone. Ndinali nditadyetsa anthu okhuta, koma ngongole ya mayi anga inali ikadali pakhosi pawo, ndipo sindinafunse n'komwe ngati kachitini ka Lachisanu kanali ndi wokapitiriza.

Choncho poyambira pake ndi ngongole. Mtumiki anachenjeza kuti mzimu wa wokhulupirira umakhala womangika ndi ngongole yake mpaka itabwezedwa, ndipo Surat An-Nisa imaika ngongole ndi wasiya patsogolo pa kugawa chuma cha masiye. Dongosolo lake ndi lodziwika: choyamba zofunika pa maliro, monga sanda ndi manda, kenaka ngongole, kenaka wasiya wosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chumacho, ndipo zotsalazo ndi za olowa m'malo. Amayi athu ambiri masiku ano ali m'magulu a banki m'khonde, amatenga nsomba pangongole kwa asodzi, amabwereka mbewu ya mpunga kwa anzawo. Mwana wanzeru amalengeza pamaliro pomwepo kuti aliyense amene malemu anali naye ngongole abwere mosaopa. Palinso ngongole za kwa Allah. Mayi wina wa fuko la Juhaina anafunsa Mtumiki za mayi ake amene analonjeza kupita ku Hajj koma anamwalira asanapite, ndipo anauzidwa kuti awachitire, pakuti ngongole ya Allah ndiyo yoyenera koposa kubwezedwa. Ndipo ngati mwa olowa m'malo muli ana aang'ono, gawo lawo si loti n'kugulira mpunga wa alendo. Kudya chuma cha ana amasiye ndi tchimo limene Qur'an inalifanizira ndi kudya moto.

Ndikudziwa kuti nkhani ya sadaka ya masiku atatu, asanu ndi awiri, ndi makumi anayi yagawanitsa Asilamu a dziko lino kwa zaka zambiri. Mashehe ena amaiona ngati chizolowezi chabwino chosonkhanitsa abale kuti apempherere wakufa, ena amati kuika masiku otere kulibe maziko m'chiphunzitso cha Mtumiki. Mizikiti ina inagawikana chifukwa cha nkhani ngati zimenezi, ndipo sindifuna kuthira mafuta pamoto. Akuluakulu amene anasunga miyambo imeneyi ndi omwenso anasunga Chisilamu m'midzi yathu pa nthawi yovuta, ndipo ayenera ulemu. Koma pali mfundo zimene mbali zonse ziwiri sizingatsutsane. Katapila ndi riba, ndipo riba ndi haramu. Sadaka singamangidwe pa maziko otere. Komanso pamene Ja'far ibn Abi Talib anaphedwa pa nkhondo ya Mu'tah m'chaka cha 8 cha Hijra, Mtumiki analamula anthu kuti aphikire banja la Ja'far chakudya, chifukwa linali litatanganidwa ndi chisoni. Oyandikana nawo ndiwo ankadyetsa anamfedwa. Ife tatembenuza zinthu, mpaka wofedwa akugulitsa chida chimene amadyetsera ana ake kuti adyetse mudzi. Msodzi wopanda matchera adzalowa nawo bwanji m'nyanja? Kodi mayi amene anavutika kumulera angakondwere kuona zidzukulu zake zikugona ndi njala m'dzina lake?

Amene akufuna kupereka sadaka m'malo mwa mayi ake ali ndi chitsanzo chomveka mwa swahaba Sa'd ibn Ubadah. Mayi ake anamwalira iye ali paulendo. Atabwerera anafunsa Mtumiki ngati sadaka yoperekedwa m'malo mwawo ingawapindulire, ndipo atauzidwa kuti inde, anapereka munda wake wa zipatso. M'nkhani ina anafunsa kuti sadaka yopambana ndi iti, nauzidwa kuti ndi madzi, choncho anakumba chitsime m'dzina la mayi ake. Kwa ife a kuno phunziroli silisowa kumasulira. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo zonse zimene Likangala, Thondwe ndi Domasi amabweretsa zimathera momwemo. Asodzi okhala m'zimbowera amamwa madzi omwewo amene amasambamo, ndipo kolera ndi mlendo amene timamudziwa bwino. Mliri umene unayambira m'boma loyandikana nalo la Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Si banja lililonse lingakumbitse mjigo, koma mijigo yambiri m'midzi yathu yaima chifukwa cha kachitsulo kamodzi kamene mtengo wake sufika pa mtengo wa mbuzi. Banja limene lakonzetsa mjigo wotere, kapena lamanga chimbudzi ndi malo a wudhu pamzikiti, laika mayi wawo pa mphoto imene imabwera m'mawa uliwonse pamene mtsikana akutunga madzi abwino. Imeneyi ndiyo sadaka yopitirira, imodzi mwa zinthu zitatu zimene hadith ya mwa Imam Muslim imati sizidukiza munthu akamwalira.

Chachiwiri mwa zitatuzo ndi maphunziro opindulitsa. Ambiri a ife kuno timatsatira madhihabu a Imam Shafi'i, koma ndi angati amene amakumbukira kuti iye anali mwana wamasiye wobadwira ku Gaza, amene mayi ake osauka anamutengera ku Makka ali wamng'ono kuti akaphunzire? Dzina limene timatchula ndi la mwana, koma khama linali la mayi. Amayi athu ambiri anamanidwa mwayi wowerenga, komabe anatiphunzitsa shahada tisanadziwe kuvala tokha. Kuwathokoza kwake ndi kuonetsetsa kuti zidzukulu zawo zachitsikana zisamanidwenso. Ndimamva chisoni ndikaona mtsikana wa zaka 14 akusiyitsidwa sukulu ndi madrassa kuti azikathandiza pa doko kapena kuti akwatiwe, pamene banja lomwelo linapeza ndalama za mwambo waukulu. Ndalama za mbuzi ziwiri zingagule yunifolomu, makope ndi Juzu Amma za ana angapo. Mwana aliyense amene adzawerenge Fatiha molondola chifukwa cha thandizo limenelo adzakhala akuwonjezera pa mlingo wa agogo ake.

Chachitatu ndi mwana wolungama amene amapempherera kholo lake, ndipo ichi sichifuna tambala. Hadith sinatchule mwana wolemera, inatchula wolungama. N'zomvetsa chisoni kuona mnyamata akuitana mashehe khumi kuti apempherere mayi ake pamene iye mwini sakhudza mphumi pansi kuyambira Eid ina kufikira inzake. Mayi amene ankakudzutsa pa swala ya m'bandakucha umamulemekeza podzuka wekha tsopano pamene palibe wokutchula dzina, ndi kumupemphera chifundo pambuyo pa swala iliyonse monga Surat Al-Isra imatiphunzitsira. Umamulemekezanso posataya abale ake. Mtumiki anati mchemwali wa mayi ali pa malo a mayi. Ngati mayi aang'ono kapena aakulu akugona m'nyumba yodontha, ngati mnzawo wa malemu amene ankayanika naye matemba sakuonanso bwino ndipo palibe womutungira madzi, khomo la kuchitira zabwino mayi ako likadali lotsegula.

Wina anena kuti: "Zonsezi n'zoona, koma tikapanda kuchita mwambo waukulu anthu adzati sitinkawakonda amayi." Mantha amenewa ndi enieni, ndipo banja limodzi palokha silingawagonjetse. Apa ndi pamene ife mashehe, maimamu, mafumu ndi magulu a amayi a dawa tiyenera kusenza mbali yathu. Tikaitanidwa, tiyambe tafunsa ngati ngongole zabwezedwa ndiponso ngati ana amasiye alandira gawo lawo. Tileke kuyeza chikondi cha ana poona kukula kwa miphika. Tikaona banja losauka lachita duwa ndi tiyi yekha, tiliyamikire pamaso pa anthu, kuti ena alimbe mtima. Maliro n'kulirana, choncho oyandikana nawo abwere ndi ufa ndi nkhuni m'malo mobwera ndi mbale zopanda kanthu.

Sabata yatha ndinabwerera kwa mnyamata uja. Ndinamuuza kuti cholinga chake chinali chabwino ndipo Allah amaona zolinga, koma ntchito yake yangoyamba kumene. Tinakambirana za mmene angatulukire mu katapila mwamsanga, ndipo abale ake avomera kusonkha kuti apezenso matchera. Ndinamufunsa chinthu chimodzi chimene mayi ake sankachiphonya. Anaganiza kwa kanthawi, nati ankasesa mzikiti Lachinayi lililonse madzulo pokonzekera Jumu'ah. Ndinamuuza kuti ayambire pamenepo. Inenso kwathu kachitini ka ufa kanabwerera pamalo pake, ndipo amene amakasamala tsopano ndi mwana wanga wamkazi.

Allah awakhululukire amayi athu amene anatsogola, awakulitsire manda awo, awalowetse ku Jannah, ndipo atipange ife kukhala ana amene duwa zawo zimawafika. Ameen.