Kwa Aphunzitsi ndi Makolo: Mantha Asanduke Phunziro

Pa 31 Okutobala ana a ku America amavala zoopsa ndi kusema nkhope pa maungu. Tsikuli amalitcha Halloween, kutanthauza madzulo otsogolera chaka cha Oyera Onse cha pa 1 Novembala. Ife kuno ku Chipata tisabwereke mizukwa ya eni, pakuti ana athu ali nawo kale mantha awoawo. Phunziro liyambire pomwepo.

Choyamba, afunseni chimene amaopa usiku. Ambiri adzati kadzidzi. Ajambule mbalameyi, inu muwafotokozere kuti imadya makoswe otha chimanga m'nkhokwe. Akatchula mileme, aonetseni pa mapu nkhalango ya Kasanka, kumene mileme mamiliyoni imasonkhana kuyambira kumapeto kwa Okutobala, ndipo imafalitsa mbewu za mitengo.

Chachiwiri, itanani agogo a m'mudzi adzasimbe nthano pansi pa mtengo wa mango, ana akuvomera kuti "Tili tonse!" Mwana amene wasekapo ndi nkhalamba sadzaiponya miyala kuti ndi mfiti.

Chachitatu, dzungu likapezeka, ana awerenge nthanga zake, aziunjike khumikhumi, azisunge kudikira mvula.

Koma chenjerani: zophimba kumaso zimene ana angapange ndi mapepala zikhale za kalulu, fisi ndi fulu. Za Gule Wamkulu zilekeni. Kwa Achewa a ku Katete ndi Chadiza si zoseweretsa, mungaputirepo mkwiyo wa makolo.

Potsiriza, pokonzekera 2 Novembala, mwana aliyense atchule mbale wake amene anatisiya. Adziwe kuti omwalira athu ndi abale owakumbukira, osati owathawa.