ZA PA MSEU: Galimoto ya Zitseko Ziwiri, Banja la Anthu Asanu ndi Atatu

Loweruka madzulo, pamalo otsukira magalimoto m'mbali mwa miseu ya ku Matero, Chawama ndi Mtendere, pamasonkhana anyamata ambiri. Minibasi ingaime pamenepo popanda ndi mmodzi yemwe woiyang'ana. Koma ikangotulukira galimoto yaifupi msinkhu, ya mphuno yaitali ndi zitseko ziwiri zokha, nkhani zonse zimaduka, ndipo wina amagwada pansi kuti asuzumire kunsi kwake. Funso loyamba limene amafunsa mwini wake ndi lakuti, "Kodi ikankhira kumbuyo?" Nkhani imeneyi ikhudza ndi a kumudzi omwe, pakuti ndalama zogulira galimoto yoyamba ya mwana wokhala ku Lusaka nthawi zina zimacokera m'khola ndi m'nkhokwe za ku Petauke, Katete ndi Lundazi.

Tanthauzo la funsolo si lovuta kwa munthu wodziwa njinga. Pa njinga, cheni imapereka mphamvu ku gudumu la kumbuyo, ndipo la kutsogolo nchito yake ndi kuongolera cabe. Galimoto yokankhira kumbuyo nayonso ili cimodzimodzi. Injini imakhala kutsogolo, ndipo citsulo cacitali codutsa kunsi cimatenga mphamvu kupita nayo ku magudumu a kumbuyo. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a masiku ano ndi osiyana, cifukwa magudumu a kutsogolo ndiwo amakoka, monga momwe ng'ombe zikokera ngolo, ndipo magudumu omwewo ndiwo amaongoleranso.

Okonda liwiro amatamanda galimoto yokankhira kumbuyo pa zifukwa zomveka. Magudumu a kutsogolo pokhala ndi nchito imodzi yokha, ciongolero cimamvera bwino m'manja. Ndiponso galimoto ikamanyamuka mwamphamvu, kulemera kwake kumatsamira kumbuyo, kumene kuli magudumu okankha, motero amagwira pansi molimba. Komatu cikoka ceniceni cili pa cinthu cina. Woyendetsa akaponda mafuta kwambiri pokhota, magudumu a kumbuyo amaterereka, ndipo galimoto imayenda cammbali. Katswiri amacita zimenezi mwadala pabwalo la mpikisano. Wosazolowera zimamugwera mwadzidzidzi pa phula lonyowa kapena pa mseu wa miyala. Mlimi amene anaonapo vaneti yopanda katundu ikuzungulitsa magudumu m'matope, mpaka anthu atakwera kumbuyo kuti ilemere, adziwa kale khalidwe la magalimoto otere.

Amene anachuka pogulitsa magalimoto okongola otere pa mtengo wofikirika anali a kampani ya Ford ku America. M'caka ca 1964 anaturutsa Mustang, imene inapangidwa ndi zitsulo za galimoto wamba yochedwa Falcon, ndipo m'caka cimodzi cokha anagulitsa oposa 400,000. Ataona phindu lake, anacita cimodzimodzi ku Ulaya m'caka ca 1969 ndi Ford Capri. Kunja inali ndi maonekedwe a galimoto ya mpikisano, koma zitsulo zake zambiri zinali za Cortina, galimoto ya mabanja. Apa ndipo panagona kuchipa kwake. Wa ndalama zocepa anagula ya injini ya malita 1.3, wolemera anagula ya malita 3, ndipo onse awiri anaoneka ofanana pa mseu. Ku Johannesburg, Basil Green anaikamo injini yaikulu ya malita 5 naicha Perana. Pamene analeka kupanga Capri mu December 1986, anali atagulitsa pafupifupi 1,900,000. Ku Japan nakonso sanagone: Datsun 240Z inaturuka mu 1969, ndipo Toyota Celica inatsatira mu 1970.

M'dziko la Zambia magalimoto amenewa sanaculuke. Fakitale ya Livingstone Motor Assemblers, imene inayamba nchito kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, inalumikiza makamaka magalimoto a Fiat onyamula mabanja. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo kuitanitsa galimoto kapena citsulo cake kunakhala nkhani yovuta. Pa nthawi imodzimodziyo Boma, mothandizidwa ndi World Bank, linali pa nchito yolambula miseu ndi kuika mipopi ya madzi m'makomboni monga George ndi Chawama. Munthu wa m'komboni amene anapata ndalama masiku amenewo anaganiza za malata ndi njerwa, ndipo akafika pogula galimoto anafuna yoti igwire nchito ya takisi. Mu 1978 madzi osefukira anagwetsa nyumba zambiri ku Kanyama, ndipo kufikira lero dera limenelo, pokhala pa thanthwe losalala, limasunga madzi nthawi ya dzinja. Galimoto yokhala pafupi ndi dothi ilibe mtendere pa miseu yotere.

Zinthu zinasintha pambuyo pa caka ca 1991, pamene malonda anamasulidwa. Magalimoto ogwirapo kale nchito anayamba kubwera ambiri kucokera ku Japan, dziko limene anthu amayendetsa kumanzere kwa mseu monga ku Zambia. Ambiri amatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa Nakonde. Koma pofika nthawi imeneyo opanga magalimoto anali atasintha kale njira. Galimoto yokokera kutsogolo ndi yosakwera mtengo poipanga, imasiya malo ambiri m'kati, ndipo siimwa mafuta kwambiri. Mu 1983 mitundu yambiri ya Toyota Corolla inasamukira ku njira imeneyi, kupatulapo ya zitseko ziwiri yochedwa AE86, imene inapitirira kukankhira kumbuyo mpaka 1987. Celica nayo inasintha mu 1985.

Cotero mnyamata wa ku Kalingalinga wofuna galimoto yokankhira kumbuyo anapeza njira yapakati. M'malo mwa ya zitseko ziwiri, anagula ya zitseko zinai yokhala ndi mtima womwewo. Toyota Altezza, imene inapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005, ndi Toyota Mark X, ya 2004 mpaka 2019, zinachuka kwambiri m'miseu ya Lusaka. Pa cisankho cimeneci pali phunziro. Galimoto ya m'komboni si ya munthu mmodzi. Usiku imadzutsidwa kuti ithamangitse mai wodwala wa nyumba yoyandikana nayo kupita naye ku cipatala. Pa maliro imanyamula acibale kupita ku manda a Chingwere kapena a Leopards Hill. Pa chuthi imayenda makilomita oposa 550 kupita ku Chipata, ndipo pobwerera imasenza matumba a cimanga, nshawa ndi nkhuku. Mpando wa kumbuyo wa galimoto ya zitseko ziwiri ndi wopanikiza, ndipo kuti agogo akhalepo ayenera kuwerama ndi kupyola kuseri kwa mpando wa kutsogolo. Palibe mkamwini wofuna kuonetsa apongozi ake manyazi otere.

Ngakhale m'maiko olemera malonda a magalimoto a zitseko ziwiri ndi ocepa poyerekeza ndi a magalimoto a mabanja. Kampani ya Toyota, pofuna kuukitsa mtundu umenewu, inagwirizana ndi ya Subaru kuti agawane ndalama zopangira galimoto imodzi, imene inaturuka mu 2012. A Toyota anaicha 86, pokumbukira AE86 ija, ndipo a Subaru anaicha BRZ. Mu 2021 inaturuka yatsopano yochedwa GR86, ya injini ya malita 2.4. Olemba nkhani za magalimoto anaitamanda, koma m'caka comweco ca 2021 a Toyota analengeza kuti ma Corolla ogulitsidwa ciyambire 1966 anapyola 50 miliyoni. Oyamikira galimoto ya masewera ndi ambiri, koma pofika potulutsa ndalama m'thumba ambiri amasankha yonyamula banja. Dzina la Capri nalonso linabwereranso mu 2024, koma pa galimoto yaikulu yoyendera magetsi, ya zitseko zinai za m'mbali.

Palinso mbali ina imene makolo ayenera kuidziwa. Ku Soweto, m'zaka za m'ma 1980, kunayamba masewera ozungulitsa galimoto pamalo amodzi mpaka matayala atafuka utsi. Galimoto yokondedwa pa masewerawa ndi BMW 325i yakale, imene kumeneko amaicha Gusheshe. Masewerawa amatheka bwino ndi galimoto yokankhira kumbuyo, ndipo anafika ndi ku Lusaka komwe. Akacitikira pabwalo lochingidwa, pamene oonerera aima patali, ndi masewera monga ena onse. Dziko lino lili ndi mbiri yabwino pa mipikisano ya magalimoto, pakuti Satwant Singh anapambana ukatswiri wa mu Africa kasanu ndi katatu. Koma iye anathamangira pa njira zokonzedwa, atavala cisoti ndi kumanga malamba. Tinjira ta m'komboni tilibe mpanda. M'mbali mwake muli azimai ogulitsa tomato ndi makala, ndiponso ana ocokera ku sukulu. Galimoto ikataya kumbuyo pamalo otere, wolira amakhala munthu amene sanadziwe n'komwe kuti pali masewera. Malamulo a pa mseu, amene bungwe la RTSA lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2002 limayang'anira pamodzi ndi apolisi, salola kuyendetsa moika miyoyo ya anthu pangozi.

Tsono mwana akatuma lamya kumudzi kuti agulitse ng'ombe ziwiri zoonjezera pa ndalama za galimoto, makolo ali ndi ufulu wofunsa mafunso angapo asanatsegule khola. Coyamba, galimotoyo idzagwira nchito yanji, ndipo idzanyamula anthu angati? Caciwiri, kodi yatalikira bwanji ndi dothi? Toyota 86 imasiya mpata wa masentimita pafupifupi 13 okha kunsi kwake, pamene vaneti ya Hilux imasiya oposa 20, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumagamula ngati galimoto idzafika pakhomo kumudzi kapena idzatsala pa mseu waukulu. Cacitatu, kodi zitsulo zake zimapezeka kwa ogulitsa a mu Lusaka, kapena n'zoitanitsa kunja? Cacinai, kodi mwanayo wawerengera mafuta, matayala, inshuwalansi ndi misonkho? Msonkho wa utsi umakwera molingana ndi kukula kwa injini, ndipo matayala a kumbuyo a galimoto yamphamvu samakhalitsa m'manja mwa wokonda kuponda mafuta.

Kukonda cinthu copangidwa mwaluso si mlandu. Mnyamata amene maso ake amawala akaona galimoto yokongola ali ngati mlimi woima pa cionetsero ca zaulimi kuyang'anitsitsa ng'ombe yamphongo ya maonekedwe abwino. Koma mlimi wanzeru, asanaigule, amafunsa ngati idzalola goli. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mwana amene ali kale ndi nyumba, nchito yokhazikika ndi njira ina yonyamulira banja, angathe kugula ya zitseko ziwiri ndi thukuta lake, nakaphunzira kuiyendetsa pamalo oyenera. Koma ngati ndalamazo zicokera m'khola la banja, galimoto yogulidwayo ikhale yoti banja lonse lingakweremo.