Mapepala a nyuzi pa bwinja la fakitale ya shuga

Ku King's Lynn, tauni ya m'mbali mwa mtsinje wa Great Ouse kum'mawa kwa England, kunali fakitale ya shuga imene inatsekedwa mu 1994. Malowo anakhala bwinja kwa zaka zoposa khumi, mpaka kampani ya Palm ya ku Germany inamangapo fakitale yopanga mapepala osindikizapo nyuzi. Ntchitoyo inadya mapaundi pafupifupi 400 miliyoni, ndipo makina anayamba kulira mu 2009. Pachaka amatha kutulutsa matani 400,000 a mapepala, onsewo ochokera ku nyuzipepala ndi magazini amene anthu anawerenga n'kutaya.

Ntchito yake njosangalatsa kuiona. Malole amakhuthula mapepala akale mulu mulu. Mapepalawo amaviikidwa m'madzi n'kutakasidwa mpaka asanduke phala, kenako amasefedwa kuti timawaya tomangira magazini ndi mapulasitiki zichoke. Inki amaichotsa ndi sopo ndi mpweya: tithovu timakwera pamwamba titanyamula inkiyo, thovu lakuda bii limaengulidwa, pansi n'kutsala phala loyera. Phalalo amaliyala pa sefa wothamanga, kulifinya, kuliumitsa, ndipo kumapeto kwa makina kumatuluka mpukutu waukulu wa pepala latsopano. Ulusi wa pepala umafupika nthawi iliyonse ukabwezedwa chonchi, n'chifukwa chake magazini, amene amakhala ndi ulusi watsopano wochuluka, amafunika kusakanizamo.

Kumanga pa bwinja kunali kuganiza bwino. Misewu, magetsi ndi madzi zimakhala zili pafupi kale, ndipo palibe munda wa munthu kapena nkhalango imene imaphwanyidwa. Nthaka yoipitsidwa ndi mafakitale akale imafuna ndalama zambiri kuti iyeretsedwe, ndipo kawirikawiri palibe amene amaigwira ngati sipanabwere wofuna kumangapo.

Komabe amene amalonjeza anthu kuti fakitale yotere idzabweza ntchito zimene zinapita ayenera kunena zoona. Ku Shotton, kumpoto kwa Wales, ng'anjo zosungunulira chitsulo zinazima mu 1980 ndipo anthu pafupifupi 6,500 anachotsedwa ntchito. Fakitale ya mapepala a nyuzi inatsegulidwa m'dera lomwelo mu 1985, ndipo pambuyo pake inasiya kugaya mitengo n'kudalira mapepala akale okhaokha. Pamene eni ake, kampani ya UPM, ankaigulitsa mu 2021, ogwira ntchito anali pafupifupi 190. Makina a masiku ano amafuna amisiri ochepa ophunzira bwino. Mabanja ambiri a ku Shotton sanapeze mpumulo kumeneko.

Vuto lina ndi msika. Fakitale yotereyi imadalira nyuzipepala mbali zonse ziwiri: ndiyo chakudya cha makina, ndiyonso wogula. Owerenga akasamukira pa foni, mapepala akale amachepa, ogula atsopano nawonso amachepa. Fakitale ya Aylesford Newsprint ku Kent inagwa mu 2015, anthu oposa 200 n'kukhala pakhomo. Chaka chotsatira nyuzi ya The Independent inasiya kusindikiza n'kutsala pa intaneti pokha. Ya ku Shotton inasiya kupanga mapepala a nyuzi mu 2021, ndipo eni ake atsopano, kampani ya Eren ya ku Turkey, anasankha kuisandutsa yopanga mapepala a makatoni.

Ku Malawi nyuzi yakale siifika n'kudzala komwe, imathera pa chiwaya kukulunga tchipisi, choncho chimphona ngati cha ku King's Lynn chingasowe chodya. Koma mafunso amene nkhaniyi ikudzutsa ndiwo angathandize khonsolo iliyonse imene ili ndi fakitale yakufa. Wofuna malowo afotokoze kumene mapepala akale adzachokere, amene adzagule katundu wake zaka 20 zikubwerazi, kumene madzi oipa ndi matope a inki adzapite, ndi chiwerengero chenicheni cha ntchito zokhalitsa. Akayankha zimenezi poyera, anthu oyandikana ndi malowo akumva, makhansala ampatse malowo amange.