Kakompyuta kakakana pulogalamu, yambani mwafunsa tchaja ndi memori khadi

Raspberry Pi ndi kakompyuta kakang'ono ngati khadi ya kubanki. Kadatuluka ku Britain mu 2012 pamtengo wa madola 35, ndipo kuno ku Blantyre mungakapeze m'manja mwa ophunzira za uinjiniya a ku MUBAS pa Chichiri. Kwa wamalonda kali ndi ntchito yake. Mutha kulemberamo katundu wa m'golosale, kusungiramo nyimbo ndi mafilimu, kapena kuyendetsera WiFi yogulitsa. Kamadyanso magetsi ochepa, moti kasola kakang'ono kamakwanira.

Mavuto amayamba pomwe mukuikamo pulogalamu. Pasikirini pamabwera mizere ya Chingerezi, kenako zii. Apa ambiri amangoti kafa, n'kulipira mmisiri kapena kukaponya m'katoni, mpamba n'kulowa m'madzi. Ine ndikuona kuti nthawi zambiri kakompyutako sikalakwa. Zolakwa ndi zinthu zimene timakalumikizira, ndipo zinthuzo timagulitsana tokha m'misika ya Limbe, Blantyre ndi Ndirande.

Tiyambe ndi tchaja. Raspberry Pi 4, yomwe idatuluka mu 2019, imafuna mavoti 5 ndi ma amp 3. Matchaja ambiri a foni safika pamenepo, ngakhale pachikuto atalemba manambala okoma. Poika pulogalamu m'pamene kakompyuta kamakoka mphamvu kwambiri, ndiye tchaja chofooka chimagonja ntchito ili pakati. Mukaona kagetsi kofiira kakuphethira kapena kuzima, kapena uthenga wonena za low voltage, musavutike ndi zina. Sinthani tchaja, ndi chingwe chomwe, poti chingwe chopyapyala chimataya mphamvu panjira.

Memori khadi ndiye nkhani yaikulu. Kakompyutaka kalibe hard disk. Zonse zimakhala pakhadi. Alipo makhadi achinyengo olembedwa 64GB pomwe mkati mwake malo ndi ochepa kwambiri. Mufoni chinyengochi chimabisala miyezi, mpaka tsiku lomwe zithunzi zaukwati zikana kutseguka. Pa Raspberry Pi chimaonekera msanga: mafayilo amaonongeka, pulogalamu imakana, tsiku lina kakompyuta osayakanso. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa H2testw imene imadzaza khadi lonse n'kuliwerenganso, ndipo imaulula kukula kwake kwenikweni. Aliyense wooda makhadi ambiri amayenera kuyesako limodzi kapena awiri asanayale pabenchi. Inu ogulitsa, ndikudziwa kuti ambiri simupanga dala, nanunso mumanamizidwa kooda. Koma kasitomala sadziwa kumene mudaoda, amadziwa benchi lanu, ndipo akapsa kamodzi amauza anzake a mzere wonse.

China chimadabwitsa anthu ndi wotchi. Mitundu ya Raspberry Pi isanafike ya nambala 5 ilibe wotchi yosunga nthawi magetsi akathima. Imadalira intaneti kuti idziwe tsiku. A ESCOM akathimitsa, kakompyuta kamadzuka kali m'mbuyo, ndipo kumene kamakatenga mapulogalamu kumakakana chifukwa masiku sakugwirizana. Lembani date muone tsiku limene kakukuuzani. Likakhala lolakwika, kalumikizeni ku intaneti, dikirani pang'ono, kenako lembani sudo apt update musanayesenso. Izi sizifuna ndalama ya mmisiri.

Bandulo nayo. Kaya ndi ya TNM kaya ya Airtel, ikathera pakati, pulogalamu imatsala yosamalizika ndipo imatha kutsekereza zina zonse. Gulani ina yokwanira, ndipo uthenga ukanena kuti dpkg was interrupted, lembani sudo dpkg --configure -a kuti ntchito ipitirire pomwe idalekera. Ukanena No space left on device, ndiye kuti khadi ladzaza. Lembani df -h muone malo otsala.

Koma lilipo vuto limodzi lomwe tchaja kapena khadi silingathetse, ndipo apa ogulitsa kakompyutaka azinena chilungamo. Raspberry Pi imagwiritsa ntchito purosesa ya mtundu wa ARM, ngati ya mufoni, ndipo nthawi zambiri imayendera Linux. Pulogalamu ya Windows, ija dzina lake limathera .exe, siilowa mwachindunji. Ngati pulogalamu yolembera malonda imene mudazolowera ndi ya Windows yokha, laputopu yakale yogula kwa okonza makompyuta ikuthandizani kuposa kakompyuta katsopano.

Choncho musanatulutse ndalama, tchulani dzina la pulogalamu imene mukufuna, ndipo wogulitsayo aiike inu mukuona, pa tchaja ndi khadi zomwe mutengere kunyumba. Kenako akathimitse bwinobwino, akayatsenso, muone ngati pulogalamuyo ikutsegukabe. Akayamba kuzemba kuti bwerani mawa, ndalama yanu ikhale m'thumba.