Matenda a Nsengwa: Ciyeso Cimene Zipatala za mu Lusaka Zikali Naco

Imfa za azimai apakati m'dziko la Zambia zacepa kwambili. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo anaonetsa kuti mu 2001 ndi 2002, azimai 729 pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo anali kumwalila pa zifukwa za pakati. Mu 2007 ciwelengelo cinatsika kufika pa 591, ndipo mu 2018 cinafika pa 278. Ngakhale zinali telo, mu 2019 Pulezidenti Edgar Lungu analengeza kuti imfa za azimai ndi makanda ndi vuto lofunika kulithetsa mwamsanga. Kutaya magazi ndiko kumapha azimai ambili pobeleka, ndipo kawilikawili gwelo lake ndi nsengwa, ciwalo cimene mwana amalandililako cakudya ndi mpweya ali m'mimba.

Mavuto a nsengwa ali m'mitundu itatu ikuluikulu. Nthawi zina imamela m'munsi ndi kutseka khomo la cibelekelo, ndipo mai amatuluka magazi popanda kumva ululu. Nthawi zina imamatuka mwana asanabadwe, makamaka mwa azimai a BP yokwela. Apa mimba imauma ndi kuwawa kwambili, ndipo mwana amasowa mpweya. Vuto lacitatu ndi nsengwa yomela mozama m'cibelekelo, imene imakana kutuluka mwana atabadwa. Ili limapezeka kwambili mwa azimai amene anabelekapo mwa opaleshoni, conco pamene maopaleshoni akuculuka m'tauni, vutoli nalonso liyenela kuyembekezeka.

Nsengwa yotseka khomo imaoneka pa makina a sikani nthawi yobeleka isanafike. Mu 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti mai aliyense apimidwe ndi sikani kamodzi masabata 24 asanakwane, ndi kuonana ndi azaumoyo kasanu ndi katatu. Koma kafukufuku wa 2018 anapeza kuti ngakhale azimai 84 pa 100 anabelekela kucipatala, 37 okha pa 100 ndiwo anayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba. Apa mpamene pali kusiyana pakati pa okhala mumzinda umodzi. Banja la ndalama ku Kabulonga kapena ku Woodlands lingalipile sikani ku cipatala ca pulaiveti tsiku lililonse. Mai wa ku Kabwata kapena ku Chelstone amene amadalila kiliniki ya boma, akacedwa kuyamba sikelo, angadziwe za vuto lake magazi atayamba kale kutuluka.

Boma lacitapo kanthu pa nkhani ya zipatala. Cipatala ca Levy Mwanawasa cinatsegulidwa mu 2011, ndipo makiliniki a Chilenje, Matero, Kanyama, Chawama ndi Chipata anakwezedwa kukhala zipatala zocita maopaleshoni, pofuna kupepukitsa nchito ya cipatala cacikulu ca UTH. Koma nyumba zokha sizipulumutsa mai amene akutaya magazi. Pafunika ambulasi, dokotala wa opaleshoni ndi magazi a m'botolo, zonse panthawi imodzi. Bungwe la Zambia National Blood Transfusion Service limadalila kwambili ana a sukulu, ndipo magazi amacepa masukulu akatsekela, pamene azimai sasiya kubeleka.

Cotelo, ngati dziko lifuna kuti imfa zipitilize kutsika, ndalama ziyenela kupita ku makina a sikani m'makiliniki, ku maphunzilo a anamwino owagwilitsa nchito, ndi ku nchito yokopa akuluakulu kuti azipeleka magazi caka conse. Mabanja nawonso ali ndi mbali yao. Mai wapakati akaona magazi, ngakhale ocepa, apite kucipatala nthawi yomweyo, osayembekeza kuti kuce. Ndipo amene anabelekapo mwa opaleshoni auze anamwino pa tsiku loyamba la sikelo.